Chitseko chimene ndinkachitseka ndekha

Kwa zaka 11 ndinkalowa m'chimbudzi mtima uli m'mwamba. Ndinkakhalamo mphindi 30, tsiku lina 40, ndikutchima mpaka maso kufiira, mitsempha ya m'khosi kutukumuka, thukuta lili kamukamu. Podzuka miyendo inkakhala itachita dzanzi, koma zotuluka zake timibulu tiwiri kapena titatu touma gwa. Chonsecho ndikumva bwinobwino kuti katundu yense ali pakhomo penipeni, wangotsala pang'ono, koma osatuluka. Sabata ikandiyendera bwino ndinkachita kawiri. Pofika madzulo siketi imene ndinavala m'mawa inkandithina, ndipo anthu angapo anandifunsapo ngati ndili ndi pakati.

Malangizo sindinasowe. Ankati ndizimwa madzi ambiri, ndinamwa. Ankati ndiziyenda, ndinayenda. Zakudya za fiber wambiri, monga masamba ndi zipatso, zinangondifufumitsa mimba ngati ng'oma, mpweya wokhawokha. Kenako panabwera mankhwala: senna, bisacodyl, lactulose, pomaliza macrogol wosungunula m'madzi. Pali chinthu chimodzi chimene chinkandidabwitsa nthawi yonseyi. Ngakhale mankhwala afewetse chimbudzi mpaka kukhala ngati matope, sichinkatuluka mosavuta. Ndinkatchima chimodzimodzi. Munthu amene vuto lake ndi kuuma kwa chimbudzi, akangochifewetsa amapepukidwa, koma ine ayi. Kuchipatala ndinkazitchula zimenezi mongodutsa, maso ali pansi, ndipo ndinkabwerako ndi botolo lina.

Chimene sindinkatchula n'komwe ndi chakuti ndinkathandizira ndi chala. Masiku ena ndinkakanikiza pakati pa kumaliseche ndi kuthako, masiku ena ndinkachita kukolowola. Ngakhale bambo akunyumba sankadziwa. Ndinkadziona wonyansa, ndipo ndinkakhulupirira kuti padziko lonse ndine ndekha wochita zimenezi.

Dokotala amene anasintha zinthu sanayambe ndi kulemba mankhwala. Anandimvetsera, kenako anaika cholembera pansi.

"Mayi, ndikufunsani funso lina, musachite nalo manyazi, ndimafunsa aliyense wobwera ndi vuto ngati lanuli. Kodi imakhalapo nthawi imene mumathandizira ndi chala kuti chimbudzi chituluke?"

Ndinakhala duu kwa kanthawi. "Eya, adokotala. Pafupifupi nthawi zonse."

Nkhope yawo sinasinthe ngakhale pang'ono. Anandiuza kuti zimenezi zili pa mndandanda wa zizindikiro umene madokotala a matenda a m'mimba amagwiritsa ntchito, wotchedwa Rome IV, wa mu 2016. Pa mndandandawo pali kutchima kwambiri, chimbudzi chouma kapena cha mibulu, kumva ngati sunamalize, kumva ngati njira yatsekeka, kuthandizira ndi chala, ndi kuchita chimbudzi kosakwana katatu pa sabata. Ine zonse 6 ndinali nazo. Chinsinsi chimene ndinachisenza zaka zonse zija chinali mzere umodzi chabe pa pepala la madokotala. Ndinalira, misozi ya kupepukidwa.

Tsiku lomwelo anandiyeza ndi chala chawo, atavala magolovesi, dzanja lina lili pamimba panga. Anati nditchime ngati ndili kuchimbudzi. Nditatchima anati, "Mwamva zimene mwachitazi? Mwandifinya chala. Pamenepa panayenera kumasuka."

Sindinamve chilichonse. Ine ndinkadziwa kuti ndikukankhira kunja.

Kuti zimveke, ndifotokoze mmene malowa anapangidwira. Kumapeto kwa thumbo lalikulu kuli kathumba kosungira chimbudzi chikamadikira kutuluka, madokotala amati rectum. Pansi pake pali mnofu wotchedwa puborectalis, umene umachokera ku fupa la pachinena, n'kuzungulira kuseri kwa thumbolo, n'kubwereranso kutsogolo ngati lamba. Tsiku lonse lambayu amakoka thumbolo n'kulipinda, monga mmene umapindira paipi ya madzi kuti asatuluke. M'munsi mwake mulinso mnofu wozungulira khomo lenilenilo. N'chifukwa chake timayenda, kuseka ndi kunyamula katundu osadziipitsira. Nthawi yochita chimbudzi ikakwana, pamayenera kuchitika zinthu ziwiri pamodzi: mimba ikankhe kuchokera kumwamba, minofu yapansiyi imasuke kuti paipi iwongoke. Kwa ine mimba inkakankha, minofu yapansi n'kumanga kwambiri. Kutchima konse kuja kunali kukankha chitseko chimene ndachikhoma ndekha, ndipo ndikawonjezera mphamvu, nachonso chinkawonjezera kulimba.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine m'mimba ndinkamva, koma thupi langa linali litaiwala katsekulidwe kake.

Vutoli lili ndi maina angapo. Madokotala awiri a pa St Mark's Hospital ku London, Preston ndi Lennard-Jones, analitcha anismus mu 1985. Masiku ano ambiri amati dyssynergic defecation, kutanthauza kuti minofu sikugwirizana pochita chimbudzi. Ndi losiyana ndi kudzimbidwa kumene thumbo lonse limayendetsa chimbudzi mwaulesi, ngakhale ena amakhala ndi mavuto onse awiri. Dokotala wina wodziwika pa nkhaniyi ku America, Satish Rao, atafunsa odwala ake anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu alionse linamuyamba ali mwana, ena linabwera pambuyo pobereka, opaleshoni kapena kuvulala msana, enanso sankadziwa chimene chinayambitsa. Ine ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kamtsikana kosafuna kulowa m'chimbudzi cha kusukulu, kakupirira mpaka madzulo. Kenako ndimaona masabata aja nditangobereka mwana wachiwiri, ulusi uli pabala, pamene ndinkadzimanga ndisanakhale n'komwe poopa kuwawa. Bala linapola, kudzimangako kunatsala.

Ananditumiza kukayezedwa zinthu zitatu. Choyamba anandipatsa kapisozi yokhala ndi timphete 24 tooneka pa X-ray. Patsiku lachisanu anajambula, ndipo timphete tambiri tinali titaunjikana pansi penipeni, ngati anthu odikira pachipata. Ulendo wonse tinayenda, tinangokanika potulukira. Chachiwiri chinali manometry, kachubu kopyapyala kolowetsa kuthako koyeza mphamvu ya minofu. Chachitatu chinali chophweka kuposa zonse: analowetsa kabaluni, n'kuthiramo madzi okwana 50 ml, n'kundisiya ndekha pampando wachimbudzi ndi wotchi kuti ndikatulutse. Anthu ambiri amakatulutsa mphindi imodzi isanathe. Ine ndinakhala mphindi 3, kabaluni kali pomwepo, mpaka namwino anagogoda n'kukachotsa yekha.

Pa manometry paja panatulukanso nkhani ina. Ankapopera mpweya m'kabaluni pang'onopang'ono, atandiuza kuti ndinene ndikayamba kumva kanthu, ndiponso ndikamva kufuna kupita kuchimbudzi. Anapopa, ine chete. Anawonjezera, ine chete. Woyezayo anandiyang'ana n'kufunsa, "Simukumvabe, mayi?" Pamene ndinkamva, anthu ambiri akanakhala atanena kalekale. Kathumba kaja kanazolowera kukhala kodzaza mpaka kanasiya kutumiza uthenga. Apa m'pamene ndinazindikira kuti ndinatha zaka osamva kuti chimbudzi chandipeza. Ndinkangopita chifukwa mimba yalemera, kapena chifukwa ndawerenga masiku.

Chithandizo chimene anandilembera chimatchedwa biofeedback. Dzinali limamveka ngati makina amene akukonza munthu, koma makinawo sachita kanthu pathupi. Ntchito yawo ndi kukuonetsa zimene minofu yako ikuchita, basi. Amene ankandiphunzitsa anali mayi wina wa physiotherapy, wofatsa, wolankhula motsitsa mawu. Ankalowetsa kachipangizo kakang'ono ngati chala, kolumikiza ku kompyuta, n'kundikhazika pampando wachimbudzi nditafunda nsalu, sikirini ili patsogolo panga. Pa sikirinipo panali mzere. Ndikamanga, mzere unkakwera. Ndikamasula, unkatsika.

"Tsopano tchimani mmene mumachitira kunyumba."

Mzere uja unalumpha mpaka pamwamba. Ndinayesanso, unalumphanso. Dokotala anali atandiuza kale, pepala la manometry linanenanso zomwezo, koma ndinakhulupirira tsiku limenelo, nditaona ndi maso anga. Mutu unkati ndikutsegula, mzere unkati ndikutseka, ndipo wonena zoona unali mzere.

Sabata ziwiri zoyamba sitinalimbane n'komwe ndi kukankha. Tinalimbana ndi kupuma. Ankandiika dzanja limodzi pachifuwa, lina pamchombo, n'kunena kuti dzanja lapamchombo lokha ndilo liziyenda. Ine zaka zonse ndinkatchima ndi khosi: kukoka mpweya, kuutsekera, kuluma mano, mapewa m'mwamba, mimba kuilowetsa mkati. Iwo ankafuna zosiyana ndi zimenezo. Mpweya utsikire pansi, chiuno chifutukuke m'mbali ngati ukudzaza thumba, mimba ituluke kutsogolo, milomo ikhale yotsegula pang'ono, mpweya uzituluka mwakachetechete. Ankakonda kunena kuti, "Nkhope yanu isagwire ntchito, mayi. Ndikaona nkhope yachita makwinya ndiye kuti pansinso pamanga." Anandiikira kampando kopondapo kuti mawondo akwere kuposa chiuno, zigongono pamawondo, msana woongoka. Kakhalidwe kameneka kamayandikira kunjuta, ndipo kamathandiza paipi ija kuongoka.

Kumasula mnofu umene suuona ndi ntchito yovuta kuposa kuumanga. Ukauzidwa kuti finya, umadziwa chochita. Ukauzidwa kuti siya, umasowa pogwira. Iwo ankandiuza kuti ndiyambe ndamanga dala, ndiwerenge mpaka 3, kenako ndisiye, n'kutsatira kusiyako mpaka pansi pake, kupitirira pamene ndinkaganiza kuti ndi pothera. Mzere unkatsika, n'kuima, kenako n'kutsikanso pang'ono. Kutsika kwachiwiri kuja ndiye malo amene sindinkadziwa kuti alipo m'thupi mwanga.

Ulendo wachitatu ndinakankha, mzere n'kutsika. Kamodzi kokha, pa maulendo mwina 15. Iwo anangoti, "Ndi pomwepo. Musaganize zambiri, bwerezani." Ndinabwereza n'kulephera. Koma ndinali nditalawa, ndipo kunyumba ndinkakhala ndikufunafuna kamvekedwe kaja. Pofika ulendo wachisanu anayamba kutembenuza sikirini kuti ndisaone, n'kumandifunsa kuti ndinene ndekha ngati ndamanga kapena ndamasula. Kenako tinabwerera ku kabaluni, iwo akukakoka pang'onopang'ono kuti thupi likumbukire mmene chinthu chimadutsira pakhomo lomasuka.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa apa ambiri timasochera. Amayi ambiri tinamvapo za masewera omanga minofu ya pansi, otchedwa Kegel, amene amathandiza pa vuto la mkodzo wothawa. Ine ndinkawachita mwakhama ndikuganiza kuti akandilimbitsa ndiye ndizikankha bwino. Minofu yanga sinali yofooka. Inali yomanga kale mopitirira, ndipo ine ndinkangoiphunzitsa kumanga kwambiri. Masewerawo ndi abwino kwa amene akuwafunikira, koma munthu ayambe wayezedwa kuti adziwe mbali imene ali.

Kunyumba ntchito inali yambiri kuposa kuchipatala. Kupuma kwa pamchombo mphindi 10 m'mawa ndi madzulo. Kukhala pachimbudzi patapita mphindi 20 kapena 30 nditadya m'mawa, chifukwa chakudya chikalowa m'mimba thumbo lalikulu limadzuka n'kuyamba kukankha lokha, makamaka m'mawa. Lamulo limene linandivuta kwambiri linali la mphindi 5: zikakana, dzuka, ubwerenso nthawi ina. Kudzuka ndisanachite kanthu kunkandipweteka mtima. Foni anandiletsa kulowa nayo. Chala anati ndisiye pang'onopang'ono, osati tsiku limodzi. Macrogol sanandisiyitse, anati chimbudzi chikhale chofewa pamene ndikuphunzira. Ndinkalembanso m'kabuku tsiku lililonse, pogwiritsa ntchito chithunzi cha Bristol chimene chimagawa chimbudzi m'mitundu 7, kuyambira timibulu touma pa 1 mpaka madzi okhaokha pa 7. Cholinga chinali 3 kapena 4.

Nditayamba kuona kusintha ndinafuna kudziwa ngati ndi mwayi wanga chabe. Njirayi si yatsopano. Akatswiri a ku Netherlands, Bleijenberg ndi Kuijpers, analemba za iyo mu 1987. Kafukufuku amene anandigwira mtima ndi wa Giuseppe Chiarioni ndi anzake ku Italy, wa mu 2006. Anatenga odwala 109, ena n'kuwaphunzitsa biofeedback kasanu, kamodzi pa sabata, ena n'kuwapatsa macrogol yemwe uja ndi uphungu. Patatha miyezi 6, odwala 80 pa 100 alionse a biofeedback anati apeza bwino kwambiri, pamene a mankhwala anali 22 pa 100. Phindulo linalipobe patatha zaka ziwiri. Mu 2007 kafukufuku wa Rao ku Iowa ndi wa Steve Heymen ku North Carolina anapezanso kuti biofeedback yeniyeni imaposa yongoyerekezera, imaposanso mapiritsi a diazepam omasula minofu. Koma Chiarioni yemweyo anali ataonetsa mu 2005 kuti kwa anthu amene vuto lawo ndi ulesi wa thumbo lokha, khomo lili bwinobwino, biofeedback inathandiza 8 okha pa 100, pamene kwa a vuto la pakhomo inathandiza 71. Ndiye kuyezetsa kuja si mwambo chabe. Kumasiyanitsa amene njirayi iwathandize ndi amene angotayepo nthawi.

Chithandizo china, chogwiritsa ntchito kachipangizo ka magetsi, chinabwera pa sabata yachinayi, chifukwa cha vuto la kusamva lija. Nditamva mawu akuti magetsi ndinadzidzimuka, koma iwo anayamba andigwiritsa kachipangizoko pamkono kuti ndilawe. Kenako anakalowetsa kuthako n'kumakweza mphamvu pang'onopang'ono. Poyamba sindinamve kanthu. Kenako kunabwera kunyerenyetsa, ngati tinyerere tikuyenda mkati, kenako kugunda kofewa kobwerezabwereza. Akafika pamene ndikumva bwino koma osawawa, ankaima pomwepo, mphindi 20. Asanayambe anandifunsa kawiri konse ngati ndili woyembekezera, ngati ndili ndi kachipangizo kothandiza mtima kugunda, ndiponso ngati pali bala kapena magazi kuthako. Pa zonsezi magetsi sagwiritsidwa ntchito.

Apa makina ndiye amachita kanthu pathupi, mosiyana ndi biofeedback. Cholinga chake ndi kudzutsa mitsempha yotenga uthenga kuchokera m'kathumba kaja, ndi kuthandiza munthu kuzindikira pamene minofuyo ili. Tinkaphatikiza ndi kabaluni: kupopa mpaka ndimve, kuphwetsa, kupopanso mpweya wocheperako, kuti ndizolowere kumva msanga. Madokotala a ku Seoul, ku South Korea, analemba kuti magetsi otere anathandiza ena mwa odwala osamva bwino m'kathumbaka, kuphatikizapo ena amene biofeedback inawakanika. Komabe ndinene mosabisa mmene ndikuonera. Umboni wa magetsi ndi wochepa poyerekeza ndi wa biofeedback, ndipo kafukufuku wake ambiri anali wa anthu ochepa. Palinso njira ina yoika kawaya pafupi ndi mitsempha ya m'munsi mwa msana kudzera mu opaleshoni. Imeneyo imathandiza anthu amene chimbudzi chimawathawa, koma itayesedwa mosamala pa kudzimbidwa sinaonetse phindu lenileni. Ndikaona tizipangizo tamagetsi tikutsatsidwa pa intaneti ngati mankhwala a kudzimbidwa kulikonse, mtima umandiwawa, chifukwa ndikudziwa mmene munthu wotopa amagulira chilichonse. Magetsi sangakuphunzitse kumasula pokankha. Kwa ine anali wothandizira, mphunzitsi anali mzere uja.

M'mawa wina, pa sabata yachisanu ndi chiwiri, ndikutsuka makapu, ndinamva kanthu kakundikankha pansi, kofatsa koma komveka. Ndinaima, manja ali ndi thovu, osadziwa kuti n'chiyani. Kenako ndinakumbukira. Ndinapukuta manja, ndinapita, ndinaponda pakampando, ndinapumira pamchombo. Sipanathe mphindi ziwiri. Ndinakhalabe pompo kwa kanthawi ndikumvetsera mimba yopepuka, chinthu chimene ndinali nditachiiwala.

Sikuti zinathera pomwepo. Ndikakhala paulendo, kapena mtima ukakhala pa mavuto, thupi limabwerera ku chizolowezi chake chakale, ndipo ndimadzipeza ndaluma mano. Chaka chatha nditamwa mapiritsi a iron owonjezera magazi ndinavutika sabata zitatu. Mankhwala opha ululu monga codeine, tramadol ndi morphine nawonso amamanga m'mimba kwambiri, choncho ndimanena msanga dokotala asanandilembere. Macrogol ndimamwabe apo ndi apo. Mudzi umene unatuluka kuthako chifukwa cha kutchima kwa zaka zija sunathere, ngakhale unasiya kutuluka magazi.

Pa magazi pomwepa ndiime. Kudzimbidwa kumene kwangoyamba mwadzidzidzi munthu atapitirira zaka 45 kapena 50, kapena kobwera ndi magazi, kuonda kosadziwika chifukwa chake, kuchepa kwa magazi m'thupi, kapena ngati pamtundu panu wina anadwalapo khansa ya m'matumbo, si nkhani ya kupuma ndi kampando. Kumeneko kumafunika kuunika m'matumbo kaye. Inenso anandiyeza magazi, shuga ndi chithokomiro tisanayambe zonsezi.

Ndikudziwanso kuti makina a biofeedback sapezeka paliponse, ndipo odziwa kuphunzitsa ndi ochepa. Koma kuyeza ndi chala kuja kumangofuna golovesi ndi dokotala wokumbukira kunena kuti "tchimani". Kabaluni ndi madzi si zinthu zovuta. Ku St Mark's komwe kuja, kafukufuku wa mu 1995 anapeza kuti odwala ophunzitsidwa ndi munthu waluso popanda sikirini anapindula mofanana ndi oonera sikirini. Mu 2018 Rao anaonetsanso kuti kuphunzira kunyumba ndi kachipangizo kam'manja kunathandiza mofanana ndi kupita kuchipatala. Choncho mukapita, nenani mawu awa momwe alili: ngakhale chikhale chofewa sichituluka, ndimamva ngati patsekeka, ndimathandizira ndi chala. Ine mawu amenewa ananditengera zaka 11, ndipo ndinawanena chifukwa wina anandifunsa.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 9. Mwezi wathawu ndinamuona akubwera kusukulu akuyenda momangika, miyendo pamodzi, n'kuthamangira kuchipinda osati kuchimbudzi. Ndinamutsatira, ndinakhala pambali pake pabedi, n'kumufunsa motsitsa mawu kuti wakhala akupirira kuyambira nthawi yanji. Anati kuyambira pa buleki. Madzulo omwewo ndinamupezera kampando kake, kotalikirapo kuposa kanga chifukwa miyendo yake ndi yaifupi, ndipo m'mawa mwake ndinapita kukalankhula ndi aphunzitsi ake kuti akapempha kutuluka azimulola.